Kodi munthu wodzichepetsa angakhalitse m'ndale?

Funso: Ndine mphunzitsi ndipo ndatsala pang'ono kupuma pantchito. Anthu a m'dera lathu akhala akundipempha kuti pachisankho chikubwerachi ndidzaime ngati khansala. Mtima wina ukufuna, koma ndili ndi mantha. Aliyense amene ndinamuona akulowa ndale ankati akudzipereka chifukwa cha anthu, koma pakutha zaka ziwiri ngakhale moni sankayankha. Amuna anga akuti munthu wofatsa ngati ine akangondidyera masuku pamutu, apo ayi ndikasintha n'kukhala ngati enawo. Kodi kudzichepetsa ndi kudzimana kuli ndi malo m'ndale, kapena ndi mawu ongokopera mavoti? Nanga wodzichepetsa weniweni timamudziwa bwanji? (Mayi wina wowerenga)

Mayi, amuna anuwo musawatsutse msanga, chifukwa zonse ziwiri zomwe akuopazo zimachitikadi. Alipo amene analowa ndi mtima wabwino, anzawo n'kuwapondaponda mpaka kutuluka ali okhumudwa. Aliponso amene analowa ndi mtima womwewo, mpando n'kuwakomera, moti lero mutakumana nawo simungawazindikire. Pomwe ndikusiyana nawo bambowo ndi pa mawu oti "wofatsa". Kufatsa ndi chibadwa, ngati kutalika kapena kufupika. Kudzichepetsa komwe kumafunika m'ndale ndi kwina. Munthu waukali, wolankhula mokweza, akhoza kukhala nako, pomwe wina wa mawu apansipansi, wopereka moni ndi manja awiri, alibe n'komwe.

Ine ndimakuyeza poona zomwe munthu amalola kuti zimuchitikire ali ndi mphamvu zozikana. Akalakwitsa, amalola kuuzidwa? Khoti likamuitana, amapita? Akagonja pachisankho, amavomera? Nthawi yake ikatha, amanyamuka? Munthu wopanda udindo sangayesedwe bwino pa zimenezi, chifukwa iye alibe pothawira. Yemwe ali ndi apolisi, ndalama za boma ndi khamu lomuimbira m'manja ndiye angathe kukana, ndipo akapanda kukana m'pamene timadziwa kuti mkati mwake muli kanthu.

N'chifukwa chake maonekedwe sindiwakhulupirira kwenikweni. Anthu ambiri amakonda nkhani ya José Mujica, yemwe anali pulezidenti wa Uruguay kuyambira 2010 mpaka 2015. Anakana kukhala m'nyumba ya boma, n'kumakhalabe pa kafamu kunja kwa mzinda wa Montevideo ndi mkazi wake Lucía Topolansky. Ankayendera kagalimoto kakale ka Volkswagen Beetle ka 1987, ndipo pafupifupi 90 peresenti ya malipiro ake ankaipereka kuthandiza ena. Nkhaniyi ndi yoona ndipo inenso imandikoka mtima. Koma taonani mnzake pa nkhani ya kudzimana: António Salazar wa ku Portugal. Nayenso sankakonda zapamwamba, sanakwatire, sanadzikundikire chuma, ankakhala moyo wosalira zambiri. Munthu yemweyo analamula kuyambira 1932 mpaka 1968 osalola chipani chotsutsa kupuma, anali ndi apolisi achinsinsi omwe ankazunza anthu, ndipo anakakamira nkhondo za ku Angola, Mozambique ndi Guinea-Bissau zomwe zinatha miyoyo yambirimbiri. Mukanangoyang'ana zovala ndi chipinda chogona, mukanati awiriwa ndi amodzi. Kusiyana kwawo kuli poti Mujica nthawi yake itakwana anapereka mpando, n'kupitiriza kukhala pa kafamu kake, pomwe Salazar anachotsedwa ndi matenda basi. Munthu akhoza kukana galimoto yodula koma ali ndi njala ya mphamvu yosakhutitsika. Ena amakana galimotoyo dala kuti anthu asaone njalayo.

Ngakhale kudzimana koona kumakhala ndi woulipirira. Pali nthabwala yodziwika ya Sarojini Naidu, mnzake wa Mahatma Gandhi pa ndale za ku India, yoti pankafunika ndalama zambiri kuti Gandhi akhalebe wosauka. Ankanena za chitetezo ndi makonzedwe onse omwe ankachitika kuseri kuti mkuluyo ayende ngati munthu wamba. Sikuti ankamunyoza. Ankangokumbutsa kuti chithunzi chomwe anthu amaona pamakhala ena ochisenza.

Tsopano za kudzipereka. Apa pali msampha womwe ndikufuna muuone musanalowe, chifukwa umakola anthu abwino kwambiri kuposa oipa. Munthu akavutikira anthu, mumtima mwake mumayamba kulembedwa ngongole. Ndinagona kundende chifukwa cha inu. Ndinataya ntchito chifukwa cha inu. Ndinagulitsa katundu wanga kuti chipanichi chikhalepo. Zonsezo zikhoza kukhala zoona, koma tsiku lina ngongole ija imadzafuna kubwezedwa, ndipo ilibe malire. Robert Mugabe anakhala m'ndende zaka pafupifupi khumi, kuyambira 1964 mpaka 1974, ndipo mwana wake wamng'ono atamwalira sanaloledwe kukaika maliro. Palibe angati ameneyo sanavutike. Koma mavutowo anasanduka chiphaso cholamulira zaka 37, ndipo aliyense wofunsa funso ankayankhidwa kuti iwe unali kuti nthawi ya nkhondo. Anachoka mu 2017 asilikali atamukankha. Nelson Mandela anakhala m'ndende zaka 27, kuposa kawiri za Mugabe, koma analamula chigawo chimodzi chokha, 1994 mpaka 1999, ngakhale malamulo ankamulola kuimanso ndipo akanapambana mosavuta.

Koma pa za Mandela, chomwe chimandigwira mtima kwambiri si kuchokako. Ndi zomwe zinachitika mu 1998. Iye anali atakhazikitsa komiti yofufuza kayendetsedwe ka masewero a rugby ku South Africa, ndipo akuluakulu a bungwe la masewerowo, motsogozedwa ndi Louis Luyt, anakasuma. Woweruza wa khoti lalikulu ku Pretoria analamula kuti pulezidenti abwere yekha adzapereke umboni. Taganizani: nkhalamba ya zaka pafupifupi 80, yolemekezedwa dziko lonse lapansi, ikuitanidwa kuti ikapanikizidwe ndi mafunso pamaso pa woweruza yemwe anaikidwa pampando nthawi ya tsankho. Anthu ambiri omuzungulira anaona kuti n'chipongwe. Iye mwini sanabise kuti zamukwiyitsa. Koma anapita, analumbira, anayankha mafunso a loya wa mbali inayo ngati mboni ina iliyonse. Ndipo mlanduwo anagonja. Sanathamangitse woweruzayo, sanatumize achinyamata a chipani kukazinga khoti. Anachita apilo, ndipo khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linadzasintha chigamulocho. Munthu wofatsa sakanachita kulimba mtima kotero, ndipo munthu wodzikuza sakanapondako n'komwe. Apa m'pomwe mungaone kuti kudzichepetsa kumayenda limodzi ndi ukali. Anakwiya, anamenya nkhondo yake mpaka kumapeto, koma anaimenyera m'kati mwa malamulo omwe ankamanganso mlimi ndi woyendetsa basi.

Ndiye mukandifunsa ngati akakudyereni masuku pamutu, ndikuti zitengera chomwe inu mukuchitcha kudzichepetsa. Ngati mukutanthauza kukhala chete pamene ndalama za mlatho zikulowa m'matumba, kapena kusiyira wina mpando wa komiti chifukwa wakukwezerani mawu, ndiye akudyeranidi, ndipo adyeranso anthu omwe anakutumani. Kumeneko ndi kuthawa udindo. Mpando womwe anthu akupatsani si wanu woti mungagawe mwaulemu.

Mawu oti "ubwino wa anthu onse" nawonso ndi oterera. Aristotle, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Greece, zaka zoposa 2,300 zapitazo, anasiyanitsa maboma abwino ndi oipa pofunsa funso limodzi: olamulawo akulamulira kuti zikomere onse kapena kuti zikomere iwo eni? Kwa iye zinalibe kanthu kwenikweni kuti wolamula ndi mmodzi, ochepa kapena ambiri. Funsolo likadali labwino, koma limasiya dzenje. Ndani anene kuti ubwino wa onse ndi uti? Pafupifupi wolamula wankhanza aliyense amati akuchita zokomera mtundu. Ndipo choopsa n'chakuti ena amanena zoona za mumtima mwawo.

Julius Nyerere wa ku Tanzania ndiye chitsanzo chomwe ndimachiganizira kwambiri, chifukwa sindikayika kuti anali munthu woona mtima. Mfundo za ku Arusha za 1967 zinaletsa atsogoleri a chipani ndi a boma kukhala ndi masheya m'makampani, kukhala ndi nyumba zochititsa lendi, kapena kulandira malipiro awiri. Iye mwini anatsatira, ndipo sanachoke pampando ali mpondamatiki. Koma Nyerere yemweyo, pokhulupirira kuti akudziwa chomwe chingakomere alimi, analola kuti pakati pa 1973 ndi 1976 anthu mamiliyoni asamutsidwe kupita m'midzi ya ujamaa, yokhalira ndi kulimira pamodzi, ambiri mokakamizidwa. Ulimi unalowa pansi. Anthu omwe ankadziwa nthaka yawo, komwe kumakhala madzi ndi komwe kumasefukira, sanafunsidwe mokwanira. Apa munthu wodzimana pa chuma anasowa kudzichepetsa pa nzeru. Chomwe chimamuombola m'maso mwanga n'chakuti anadzavomera kuti zina sizinayende, ndipo mu 1985 anatula pansi upulezidenti mwa kufuna kwake, pa nthawi yomwe atsogoleri ambiri a mu Africa ankachoka ndi mfuti kapena ndi bokosi. Léopold Senghor wa ku Senegal anali atachita chimodzimodzi kumapeto kwa 1980.

Inu ngati mphunzitsi muli ndi chiopsezo chomwechi, pepani kunena. Mwakhala zaka zambiri muli munthu wodziwa yankho m'chipinda chodzaza ndi anthu osalidziwa. M'khonsolo sizikhala choncho. Ndinakhalapo pa msonkhano wina wa dera pomwe ankakambirana malo omanga kachipatala. Wapampando anali munthu wophunzira, wosaba, ndipo anabwera ndi mapu osonyeza kuti malo ena ake ali pakatikati pa midzi yonse. Pa pepala zinali zomveka. Mayi wina wachikulire yemwe anakhala kumbuyo anakweza dzanja kangapo osaonedwa. Atapatsidwa mpata pomaliza, anangofunsa kuti, "Nanga mtsinje ukadzaza, ife a tsidya lino tizidzera kuti?" Miyezi itatu pachaka theka la anthuwo silikanafikako. Ndinayang'ana nkhope ya wapampando uja. Inasintha, chifukwa anali atauza kale akuluakulu ake kuti nkhani ya malo yatha. Anakhala chete kanthawi, kenako anapinda mapu aja n'kunena kuti sanaganizire za mtsinjewo, ndipo anapempha mayiwo kuti abwere kutsogolo asonyeze pomwe madzi amafika. Sanataye ndalama iliyonse tsikulo. Anataya kankhope pang'ono pamaso pa anthu, ndipo kwa andale ambiri chimenecho n'chodula kuposa ndalama. Ubwino wa onse nthawi zambiri umapezeka motero. Sukhala m'mutu mwa munthu mmodzi kudikira kuti aulengeze. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mwambiwu umanenanso za anthu anzeru ndi oona mtima omwe.

Kuvomera kulakwa pagulu kuli ndi mtengo, ndipo sikuti nthawi zonse anthu amakuombera m'manja. Pa 7 December 1970, Willy Brandt, mtsogoleri wa West Germany, anapita kukaika nkhata pa chipilala chokumbukira Ayuda omwe anaukira a Nazi ku Warsaw. Ataika nkhatayo anagwada pansi, osalankhula kanthu. Munthuyu analibe mlandu wake pa zomwe zinachitikazo. Anathawa m'dziko lake mu 1933 n'kukakhala ku Norway chifukwa chotsutsa Hitler. Anagwada m'malo mwa anthu omwe anayenera kugwada koma sanatero. Kwawo anthu ambiri anati wanyanya, ena anati wachititsa dziko manyazi. Chaka chotsatira analandira mphoto ya Nobel ya mtendere, ndipo lero kugwadako kumakumbukiridwa ngati chimodzi mwa zinthu zomwe zinatsegula njira yoyanjana ndi Poland. Koma tsiku lomwe anagwadalo sankadziwa kuti zidzatha choncho.

Tsopano ndinene chomwe mwina simukuyembekezera kwa munthu yemwe watha ndime zonsezi akutamanda anthu. Dziko lisamadalire kuti lipeza atsogoleri oyera mtima. Ndi ochepa, ndipo ngakhale iwo amatopa, amakalamba, amazunguliridwa ndi atidyenawo. Aroma ankakonda kusimba za Cincinnatus, yemwe akuti mu 458 BC anamupeza akulima, n'kumupatsa mphamvu zonse kuti apulumutse mzinda kwa adani. Analoledwa kulamula miyezi isanu ndi umodzi, koma atapambana nkhondo anatula udindo patangotha masiku 16 n'kubwerera kumunda. Nkhani yokoma, koma dziwani kuti Aroma ankaisimba kwambiri chifukwa anthu otero ankasowa, ndipo ulamuliro wawo wa anthu unadzathera m'manja mwa akazembe a nkhondo omwe sanabwerere kumunda. George Washington, pulezidenti woyamba wa America, yemwe anthu a nthawi yake ankamufanizira ndi Cincinnatus, anatula udindo wa mkulu wa asilikali mu 1783, ndipo atalamula zigawo ziwiri anachoka mu 1797. (Munthu yemweyu anali ndi akapolo. Kudzichepetsa kwa anthu otchuka nthawi zambiri kumakhala ndi malire omwe eni akewo sawaona.) Chitsanzo chake chinagwira ngati mwambo kwa zaka zoposa 140, mpaka Franklin Roosevelt anasankhidwa kanayi. Zitatero anthu a ku America anaona kuti mwambo wokha sukwanira, ndipo mu 1951 analemba m'malamulo oyendetsera dziko kuti munthu asasankhidwe kupitirira kawiri. Ngakhale Mujica tamutama uja, malamulo a Uruguay salola pulezidenti kuimanso motsatizana. Mtima wake unali wabwino, koma lamulo linamuthandiza.

Elinor Ostrom, mayi woyamba kulandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 2009, anatha moyo wake akufufuza momwe anthu amasamalira zinthu za onse: nkhalango, malo odyetsera ziweto, nyanja zophamo nsomba, ngalande zothirira. Akatswiri ambiri panthawiyo ankati chinthu cha onse chimatha basi, poti aliyense amakokera kwake. Iye anapeza madera, monga mudzi wa Törbel ku Switzerland ndi minda yothirira ya ku Valencia ku Spain, komwe anthu asunga zinthu zotere kwa zaka mazanamazana. Chinsinsi chake sichinali choti anthu akumeneko ndi angelo. Anali ndi malamulo omwe ogwiritsa ntchito eni ake anapanga nawo, anali ndi owayang'anira omwe ankayankha kwa anthu omwewo, ndipo wolakwa ankalangidwa pang'ono koyamba, chilango n'kumakula akabwereza. Munthu amalolera kudzimana akadziwa kuti mnzake nayenso akudzimana, ndipo wakuba agwidwa. Akaona kuti ndi yekha amene akusala pomwe ena akudya, amasiya, ndipo sitingamudzudzule kwambiri. Anthu a ku Athens wakale ankadziwa zimenezi: aliyense wotsika paudindo ankayenera kufufuzidwa momwe wayendetsera ndalama za mzinda, kaya ndi wotchuka kaya ayi.

Choncho ntchito yaikulu ya munthu wodzichepetsa akalowa m'ndale ndi kumanga zinthu zomwe zingamugwire iye mwini akadzasintha. Kuumirira kuti ndalama zolowa ndi zotuluka ziziikidwa poyera. Kuulula chuma chake polowa ndi potuluka. Kutuluka m'chipinda pamene akukambirana kontirakiti yomwe m'bale wake wapikisana nawo. Kulola atolankhani ndi otsutsa kufunsa mafunso owawa. Wandale wonena kuti "ine ndikhulupirireni, sindingabe" koma akukana kuti mabuku aonedwe, ameneyo wakuuzani kale zonse.

Pali mbali inanso yomwe ovota sitikonda kuimva. Anthu amakakamira pampando chifukwa cha dyera, inde, komanso chifukwa cha mantha. Kenneth Kaunda atagonja kwa Frederick Chiluba mu 1991, patatha zaka 27 akulamula Zambia, anavomera n'kuchoka mwamtendere. Mu 1996 malamulo anasinthidwa mwa njira yomwe inamutsekera kuimanso, ndipo pa Khirisimasi ya 1997 anamangidwa. Atsogoleri ena ankaonerera, ndipo phunziro lomwe anatolapo si lovuta kulilota. Sindikunena kuti wolakwa asaimbidwe mlandu. Ndikunena kuti ngati kuchoka pampando kumatanthauza kusakidwa ngati nyama, kaya walakwa kaya sanalakwe, ochoka mwaufulu adzakhala ochepa. Mo Ibrahim, mpondamatiki wochokera ku Sudan, anayesa kuthana ndi vutoli pokhazikitsa mphoto ya madola 5 miliyoni kwa mtsogoleri wa mu Africa yemwe wasankhidwa mwa demokalase, walamula bwino, n'kuchoka nthawi yake itakwana. Woyamba kulandira anali Joaquim Chissano mu 2007, kenako Festus Mogae mu 2008, Pedro Pires mu 2011, Hifikepunye Pohamba mu 2014, Ellen Johnson Sirleaf mu 2017 ndi Mahamadou Issoufou mu 2020. Onani mipata ya zakazo: zaka zambiri komiti inasowa womupatsa. Ena amaiseka mphotoyi kuti ndi kulipira munthu chifukwa chosaba, ndipo pali kachoonadi pamenepo. Komabe imavomereza chinthu chenicheni, kuti munthu wotsika pampando amafunika potera.

Ndipo kuchoka kumodzi kukhoza kupulumutsa anthu omwe wochokayo sadzawadziwa. Mu 2015 Nigeria inali pa chiopsezo chachikulu, anthu akukumbukira mazana omwe anafa pa zipolowe za chisankho cha 2011. Zotsatira zonse zisanalengezedwe, pulezidenti Goodluck Jonathan anaimbira foni wopikisana naye Muhammadu Buhari kuvomera kuti wagonja. Kanali koyamba m'dzikomo kuti pulezidenti wokhala pampando agonje pachisankho n'kupereka ulamuliro. Ulamuliro wa Jonathan unali ndi zonena zambiri, za katangale makamaka, ndipo foni imodzi sifafaniza zimenezo. Koma ndimamutchula dala, chifukwa akusonyeza kuti munthu safunika kukhala woyera kuti achite chinthu choyenera pa ola lomwe chikufunika.

Tibwerere kwa inu, mayi, poti ukhansala si upulezidenti, ngakhale matenda ake ndi amodzimodzi.

Anthu omwe munawaona akusiya kuyankha moni aja, ambiri sanasinthe tsiku limodzi. Zimayamba ndi zazing'ono. Mumafika pamsonkhano mochedwa, anthu n'kuimirira m'malo modandaula. Mumanena nthabwala yosaseketsa, onse n'kuseka. Pang'onopang'ono omwe ankakutsutsani amasiya kubwera, otsala ndi ovomera zilizonse, ndipo inu mumayamba kuganiza kuti nzeru zanu zakula. Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame. Vuto n'lakuti uli pamwambapo mamewo suwamvadi, ndiye pamafunika wina woyenda pansi woti azikuuza. Sankhani anthu awiri kapena atatu omwe safuna kanthu kwa inu, omwe sadzapempha ntchito kapena kontirakiti, ndipo muwapatse chilolezo chokuuzani zowawa. Mukadzayamba kuwapewa, dziwani kuti matenda aja alowa. Kunenanso zoona, ena amasiya kuyankha moni chifukwa moni aliyense wasanduka pempho la ndalama, ndipo alibe. Izi zikutifikitsa pa nkhani yomwe ndikufuna muimvetse kuposa zonse.

Musadzipereke mopitirira. Zikumveka zachilendo kuchokera kwa ine, koma kumbukirani ngongole ija. Munthu amene wathira ndalama zake zonse za penshoni mu kampeni, kapena wakongola kuti agawire anthu, amalowa mu ofesi ali ndi dzenje lofunika kukwirira. Akapambana, amayamba kuyang'ana pomwe angabwezere. Akagonja, amadana ndi anthu omwe anadya zake osamuvotera. Katangale wambiri amayambira pamenepa, mwa anthu omwe sanabadwe akuba. Khalani pansi ndi amuna anu, mugwirizane ndalama yomwe mungathe kutaya osalira, ndipo ikatha, yatha. Malipiro kapena alawansi yomwe lamulo limapereka, landirani mopanda manyazi. Udindo wosalipidwa umathera m'manja mwa olemera okha kapena mwa omwe akudziwa kuti adzadzilipira mwa njira ina. Ndipo wina akabwera ndi vuto lake, kumuthandiza kuchokera m'thumba mwanu n'kwabwino ngati mungathe, koma si ntchito yomwe anakusankhirani. Thumba lanu lingathandize anthu khumi. Kuonetsetsa kuti mankhwala omwe anagulidwa afikadi kuchipatala kumathandiza zikwi, ngakhale palibe adzabwere kudzakuthokozani, poti sadzadziwa kuti munali inu.

Kudzimana komwe kudzakupwetekeni kwenikweni si kwa ndalama. Ndi tsiku lomwe mwana wa mchemwali wanu adzafune ntchito yomwe wina woyenera kuposa iye wafunsiranso, abale onse akuyang'ana inu. Ndi tsiku lomwe chipani chanu chidzafune kuti muvomereze chinthu chomwe mukudziwa kuti n'cholakwika, n'kukuuzani kuti mukakana simudzaimanso. Ndi pamene chitukuko chidzayenere kupita kudera lomwe silinakuvotereni chifukwa ndiko kuli vuto lalikulu, okuvoterani n'kumati mwawagulitsa. Ndi pamene ntchito yomwe munaivutikira idzatsegulidwe ndi munthu wina, dzina lake n'kulembedwa pachikwangwani. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Pa masiku amenewo kufatsa sikudzakuthandizani. Chomwe chidzakuthandizeni ndi kukhala mutaganiza kale, mutu uli wozizira, zinthu ziwiri kapena zitatu zomwe simungachite ngakhale mpando utapita. Zilembeni papepala musanayambe kampeni, mulembenso kuti mukufuna kukhalapo zigawo zingati, ndipo pepalalo musungitse amuna anu.

Kodi mudzakhalitsa? Mwina ayi. Anthu okana kugula mavoti ndi okana kugawa ntchito kwa abale amagonja kawirikawiri, ndipo ndingakunamizeni nditati chilungamo chimapambana chisankho nthawi zonse. Koma inu muli ndi mwayi womwe andale ambiri alibe: muli ndi moyo wina kunja kwa ndale. Mwaphunzitsa ana ambiri, dzina muli nalo kale, ndipo mukagonja mudzabwerera kunyumba muli munthu yemweyo. Wandale woopsa kwambiri ndi amene alibe kobwerera, chifukwa kwa iye kutaya mpando ndi kufa. Inu mukhoza kunena kuti ayi pamsonkhano wa chipani n'kugona tulo usiku womwewo, ndipo anzanu akadzazindikira zimenezi adzayamba kukuopani kuposa momwe amaopera olankhula mokweza.

Amuna anuwo afunseni ngati angalole kukhala mmodzi mwa anthu okuuzani zowawa aja. Akuoneka kuti ayamba kale ntchitoyo.